Liuma Kapena Phuma? Tanthauzo la Liu la Chigriki Propetēs ndi Vuto la Kulimasulira m'Chicheŵa

M'Chipangano Chatsopano cha Chigriki muli liu lina limene limapezeka kaŵiri kokha, pa Machitidwe a Atumwi 19:36 ndi pa 2 Timoteo 3:4. Liulo ndi propetēs. Liu losoŵa chotere n'losavuta kulidutsa: womasulira amangosuzumira zimene adalemba anzake a m'zinenero za ku Ulaya, natola limodzi mwa mau awo, n'kupitirira. M'nkhani ino tifuna kusonyeza kuti propetēs ndi munthu amene amayamba kuchita maganizo asanafike, ndi kuti mau onena za liuma kapena makani, amene adaloŵa m'Mabaibulo ena a m'chigawo chathu chino, amaloza munthu wina amene Agriki adali naye dzina lakelake. Zitsanzo zathu zambiri tizitenga m'Chicheŵa, koma tikhulupirira kuti anzathu a zinenero zina za Chibantu adzaona kuti vutoli ndi lawonso.

Tsinde la liuli

Propetēs lili ndi zigawo ziŵiri. Choyamba ndi mphatikiri pro-, amene amatanthauza kutsogolo, kapenanso nthaŵi isanakwane. Chachiŵiri ndi tsinde pet-, lomwe lili m'mneni piptō, kugwa, ndi petomai, kuuluka. Tsinde lomweli tilipeza m'Chilatini pa mau oti petere ndi impetus, ndiponso m'Chisanskriti pa patati, limene limanena kuuluka ndi kugwa komwe. Tsono tikati tiŵerenge zigawozo monga ziliri, propetēs ndi chinthu chogwera kutsogolo. M'buku la zamankhwala lotchedwa Prognostikon, limene lili m'gulu la zolemba za Hippocrates, liuli likunena za wodwala amene thupi lake likungotsetsereka pakama kuloza kumiyendo, ndipo sing'anga akuuzidwa kuti chimenecho n'chizindikiro choipa. Apa palibe nkhani ya khalidwe. Ndi thupi chabe limene lalephera kudzigwira.

Komatu tiyenera kuchenjera. James Barr, m'buku lake The Semantics of Biblical Language la m'chaka cha 1961, adadzudzula kolimba chizoloŵezi chotenga chiyambi cha liu ngati tanthauzo lake. Ife eni Chicheŵa tikamati Lolemba sitiganiza za kulemba, ndipo wogwira ntchito tsiku lonse la Loŵeruka saona chachilendo m'dzina la tsikulo. Chimodzimodzinso Mgriki wa m'nthaŵi ya atumwi sadali kuona munthu akugwa chafufumimba nthaŵi iliyonse akamva propetēs. Tsinde lingotipatsa poyambira. Tanthauzo lenileni tilipeza poona mau amene liuli limayenda nawo, makamaka amene limatsutsana nawo.

Umboni wa Aristotle

Mwayi wathu ndi wakuti Aristotle, amene adakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Khristu asanabadwe, adalifotokoza liuli mwadala. M'buku lachisanu ndi chiŵiri la Ethika Nikomacheia akukamba za akrasia, ndiko kulephera kudzigwira, ndipo akuti kulepherako kuli mitundu iŵiri. Mtundu wina akuutcha astheneia, kufooka. Munthu wofooka amayamba waganiza, naona chimene ayenera kuchita, koma chilakolako chikamufika salimbikira pa zimene adatsimikiza. Mtundu winawo ndiwo propeteia, dzina lochokera ku liu lathuli. Munthu wa propeteia sagonja atalimbana ayi. Iye kuganizako sakuyamba n'komwe. Mtima ukangoti nyamu, miyendo yanyamuka kale. Aristotle akuonjeza kuti amene amagwa kaŵirikaŵiri m'vutoli ndi anthu achangu ndi amtima wotentha, ena chifukwa cha liŵiro, ena chifukwa cha mphamvu ya zimene akumva mumtima, koma onsewo sadikira maganizo. Akutinso pali anthu ena amene, akaoneratu chimene chikudza nadzidzutsa, sagonja nacho. Ndiye kuti mankhwala a propeteia ndi nthaŵi, ngakhale yochepa.

M'buku lachitatu, pokamba za kulimba mtima, akutchula thrasys, munthu wodzionetsa ngati wosaopa kanthu. Akuti anthu otere ndi propeteis: zoopsa zisanafike amazithamangira, koma zikafika amabwerera m'mbuyo, pamene wolimba mtima weniweni amakhala phee poyamba, nachita chamuna nthaŵi ikakwana. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti ikutiletsa kumasulira propetēs ndi mau oti wosaopa kanthu. Iye saopa chifukwa sadaone, ndipo akaona amathaŵa.

Chofunika koposa pa nkhani yathu chili patsogolo pang'ono m'buku lachisanu ndi chiŵiri lomwelo. Kumeneko Aristotle akufotokoza anthu ena amene akuwatcha ischyrognōmones, ndiwo oumirira maganizo awo, ovuta kuwakopa ndiponso ovuta kuwatembenuza. Ameneŵatu ndiwo aliuma. Iwo maganizo ali nawo, ndipo vuto lawo n'lakuti sawataya. Propetēs maganizo alibe oti n'kuwaumirira. Waliuma ali ngati chitsa m'munda, chimene khasu limangodumphapo. Propetēs ali ngati madzi a m'ngalande mvula ikagwa yamphamvu. Mgriki wophunzira sakadasokoneza anthu aŵiriŵa.

Anzeru ena a pambuyo pake adalitengera liuli ku nkhani ya kudziŵa. Astoiki adali ndi khalidwe labwino lotchedwa aproptōsia, kusafulumira kuvomereza chinthu kuti n'choona, ndipo Sextus Empiricus ankaneneza anzeru anzake kuti ali ndi propeteia chifukwa chotsimikiza zinthu umboni usanakwane. Ife ofufuza zinenero mlandu umenewu sutiphonya kwenikweni, koma tiusiye.

M'Chipangano Chakale cha Chigriki, chimene chimatchedwa Septuaginta, propetēs tilipeza pa Miyambo 10:14 ndi 13:3, ndiponso pa Sira 9:18. Malo atatu onseŵa nkhani yake ndi ya pakamwa: munthu amene mau amamupulumuka, amene m'Chicheŵa tingati wobwetuka. Pa Miyambo 13:3 akumusiyanitsa ndi munthu wolonda pakamwa pake. Apanso chosoŵa ndi mlonda woima pakati pa mtima ndi milomo.

Chipoloŵe cha ku Ephesus

Pa Machitidwe a Atumwi 19 ndi pamene liuli likuoneka bwino, chifukwa mlembi wayamba watisonyeza khalidwelo asanalitchule dzina. Nkhaniyo idachitika m'zaka za m'ma 50, Paulo ali ku Ephesus. Mmisiri wina wosula siliva, dzina lake Demetrius, amene ankapanga tiakachisi ta mulungu wamkazi Artemis, adasonkhanitsa amisiri anzake nawauza kuti chiphunzitso cha Paulo chiwaphera malonda ndiponso chinyozetsa mulungu wawo. Mzinda wonse udasokonezeka. Anthu adagwira Gaius ndi Aristarchus, anzake a Paulo a ku Macedonia, nathamangira nawo kubwalo lamaseŵero, bwalo limene mabwinja ake alipobe ndipo akuti linkaloŵa anthu pafupifupi 25,000. Mneni wa pa ndime 29 ndi hormaō, kuthamanga mwankhongono monga chigulu cha ng'ombe. Pa ndime 32 mlembi akutiuza chinthu choseketsa ndi chomvetsa chisoni nthaŵi imodzi: ena ankafuula china, ena china, ndipo ambiri sadadziŵe n'komwe chimene adasonkhanira. Adafuula dzina la Artemis pafupifupi maora aŵiri.

Kodi anthu osadziŵa chimene asonkhanira tingawatche aliuma? Aumirira chiyani?

Amene adathetsa phokosolo ndi grammateus, mlembi wa mzinda, amene adali mkulu woyankha kwa Aroma pa zochitika za mumzindamo. M'mau ake a pa ndime 36 muli malangizo aŵiri oyenda pamodzi. Loyamba n'lakuti anthuwo akhale katestalmenoi, lachiŵiri n'lakuti asachite kanthu kalikonse kamene kali propetes. Liu loyambalo lichokera ku mneni katastellō, kutsitsa kapena kukhazika pansi, ndipo ndi mneni yemweyo amene wagwiritsidwa ntchito pa ndime 35 ponena kuti mlembiyo adatontholetsa khamulo. Apa ndiye tapeza liu lotsutsana nalo lija tinkafuna. Chosiyana ndi propetes sindicho kumvera kapena kugonja, monga zikadakhalira likadakhala liuma, koma kudekha. Zimene mlembiyo akunena pambuyo pake zikutsimikiza zomwezo. Akuti anthu agwidwawo sadabe za m'kachisi ndipo sadanyoze mulungu. Ngati Demetrius ali ndi mlandu, mabwalo a milandu alipo, akazembe alipo. Ngati pali nkhani ina, ikambidwe pamsonkhano wovomerezeka. Kupanda kutero mzinda ungaimbidwe mlandu wa stasis, kuukira boma, popanda choyankha. Zonsezi ndi njira zochedwetsa: kufunsa, kumva mbali ziŵiri, kudikira tsiku la bwalo. Zimene Aristotle adanena za munthu mmodzi, mlembi wa mzinda akuzinena kwa chinamtindi cha anthu.

Tisanachoke pano titchule kanthu kena kamene kamatayika m'kumasulira kulikonse. Pa ndime 35 mlembi wa mzinda akukumbutsa anthu kuti Ephesus ndiye msungi wa kachisi wa Artemis ndi wa diopetēs, chinthu chogwa kuchokera kwa Zeus, ndiye kuti kuchokera kumwamba. Tsinde lake ndi pet- lomwe lija. Ndime yotsatira yomweyo ndi imene ili ndi propetes. Khutu la Mgriki likadamva kufananako, ndipo ife tiganiza kuti mlembi wa buku la Machitidwe, amene amadziŵika ndi luso losankha mau, sadaike mau aŵiriŵa moyandikana mwangozi.

Kumene liuma lidachokera

Pa 2 Timoteo 3:2-4 zinthu n'zosiyana. Apa palibe nkhani yotithandiza, pali mndandanda chabe wa makhalidwe a anthu a m'masiku otsiriza. Mndandandawo udalukidwa motsata kamvekedwe: uyamba ndi mau aŵiri a phil-, odzikonda ndi okonda ndalama, pakati pake pali mau ambiri oyamba ndi a- wokana, ndipo uthera pa mau enanso aŵiri a phil-. Propeteis laikidwa pambuyo pa prodotai, opereka anzawo, ndipo chimene chawayandikanitsa kwenikweni ndi pro- woyambayo. Choncho mau oyandikana nalo satiuza zambiri za tanthauzo, ndipo omasulira adapeza mpata woyenda njira zosiyana.

Kusiyanaku n'kwakale. Baibulo la Chilatini lotchedwa Vulgata lili ndi temere, mosaganiza, pa Machitidwe, koma pa 2 Timoteo lili ndi protervi, liu limene lapendekera ku chipongwe ndi mwano. Baibulo la Chingerezi la 1611 lili ndi rashly pa Machitidwe ndi heady pa 2 Timoteo. Liu la heady m'Chingerezi cha nthaŵi imeneyo linkanena munthu wothamanga mutu uli patsogolo, ndipo lidali pafupi ndithu ndi Chigriki. Okonzanso Chipangano Chatsopano cha Chingerezi m'chaka cha 1881 adaika headstrong m'malo mwake. Liu limeneli lili ndi mbali ziŵiri, ya kusagwirika ndi ya kusamva za ena, ndipo m'Chingerezi cha masiku onse mbali yachiŵiriyo ndiyo imamveka msanga.

Nthaŵi imeneyo ndi imenenso amishoni adayamba kumasulira Malembo m'zinenero zathu zambiri. Buku Lopatulika, limene lidatuluka m'chaka cha 1922 ndipo ntchito yake yaikulu adaigwira ndi W. H. Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, lidasankha tsinde la liuma pa 2 Timoteo 3:4. Baibulo la Chiswahili la Union la 1952 lili ndi wakaidi pamalo omwewo, ndipo ukaidi ndi liuma lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti Baibulo lakale la Chidatchi, Statenvertaling, limene Murray ndi anzake adakulira nalo, lili ndi roekeloos, wosalabadira zotsatira, ndipo la Chiafrikaans lidatsata lomwelo. Tiona ngati pamalo pano khutu la omasulira lidamvera Chingerezi koposa chinenero chawo. Chingerezicho chidasintha pambuyo pake, pakuti Revised Standard Version ya 1946 ili ndi reckless, koma mau akaloŵa m'Baibulo limene anthu aliloŵeza pamtima satulukamo msanga.

Chipangano Chatsopano chili nawo mau ake a liuma, ndipo n'chifukwa chake kusokonezaku kuli kotayitsa. Pa Machitidwe 7:51 pali sklērotrachēlos, wouma khosi, fanizo limene Chicheŵa chili nalonso. Pa Tito 1:7 ndi 2 Petro 2:10 pali authadēs, womva zake zokha. Kalata yotchedwa 1 Clement, imene mpingo wa ku Roma udalembera mpingo wa ku Corinth cha kumapeto kwa zaka 100 zoyambirira, ikunena kuti mpatuko wa kumeneko adauyatsa ndi anthu oŵerengeka amene adali propetē ndiponso authadē. Wina angati kuyenda pamodziku kukusonyeza kuti mauwo ndi amodzi. Ife tiona mosiyana: munthu mmodzi angathe kuyamba ndi phuma natsiriza ndi liuma, ndipo wolemba kalatayo adafuna mau aŵiri kuti anene zonse ziŵiri. J. P. Louw wa ku Pretoria ndi E. A. Nida, m'dikishonale yawo ya 1988 imene idasanja mau a Chipangano Chatsopano m'magulu 93 a matanthauzo, adaika propetēs m'gulu la 88, la makhalidwe, nalimasulira monga khalidwe lothamanga ndi losalabadira.

Mau a Chicheŵa

Chigriki chili ndi mfotokozi mmodzi amene akugwira ntchito paŵiri: pa Machitidwe akufotokoza chochita, pa 2 Timoteo akufotokoza anthu. Chicheŵa, monga zinenero zambiri za Chibantu, chili ndi matsinde oŵerengeka chabe a afotokozi enieni, monga -kulu, -ng'ono, -tali ndi -fupi. Makhalidwe timawanena ndi dzina lotsogozedwa ndi -a, kapena ndi mneni, kapena ndi mvekero. Tsono funso ndi lakuti, ndi dzina liti kapena mneni uti amene angasenze katunduyu malo onse aŵiri?

Ena tingawachotse msanga. Changu ndi liu loyamikira. Mwana wachangu ndi amene aliyense afuna kumtuma. Kusasamala kulibe liŵiro, pakuti waulesi amene wasiya mbuzi m'munda mwa eni naye ndi wosasamala. Chibwana chiloza msinkhu wa maganizo. Mtima wapachala uli pafupi, ndipo ukadakwana pa khamu la ku Ephesus, koma umanena mkwiyo wokha, ndipo Chigriki chili ndi orgilos pa Tito 1:7 wonena zimenezo. Propetēs angathamange ndi chimwemwe, mantha kapena dyera, mkwiyo palibe.

Otsala ndi phuma ndi mneni kupupuluma. Taonani ziganizo izi:

(1) Adagula ng'ombeyo mwaphuma, osaiyang'ana m'kamwa.
(2) Musapupulume, mfumu sinafike.
(3) Mnyamata uja ngwaphuma. Akangomva mphekesera wanyamula kale nkhwangwa.
(4) Mnyamata uja ngwaliuma. Tamuuza katatu koma sasunthika.

Pa (1) ndi (2) pali chinthu chimene chidayenera kuyamba, kuyang'ana kapena kudikira, ndipo chadumphidwa. Chimenechi ndicho pro- wa Chigriki m'tanthauzo lake la nthaŵi. Pa (3) phuma lasanduka khalidwe la munthu popanda kusintha tsinde. Tikasinthanitsa mathero a (3) ndi (4) ziganizo zonse ziŵiri zimveka zopotoka, ndipo kupotokako ndi umboni wokwanira kuti liuma ndi phuma sizilowana m'malo. Chizulu chili ndi amawala ndipo Chiswahili chili ndi pupa, maina amene akhoza kuyesedwa m'njira yomweyi.

Fanizo la kugwa lokha silingasamuke. M'Chicheŵa kugwa kumapita ku kufooka ndi ku tsoka: kugwa mphwayi, kugwa ulesi, kugwa m'mavuto. Ndipo pa nkhani za mtima, pansi ndi pabwino. Timati khazikani mtima pansi, pamene wosakhazikika timati mtima wake uli m'mwamba. Izi zikutipatsa mwayi pa theka loyamba la ndime 36, pakuti katastellō ndi kukhazika mtima pansi n'zofanana ngati mapasa. Ganizo la kutsogolo Chicheŵa chimalinena ndi mneni wina, kuthamangira, monga pa kuthamangira kuŵeruza kapena kuthamangira kuyankha, ndiponso ndi chining'a choti kudya mfulumira. Mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha uli mbali inayo ya mzere womwewo. Tsono pa Machitidwe tingayike kukhazika mtima pansi pambali pa kusachita kanthu mwaphuma, ndipo kutsutsana kwa m'Chigriki kudzasungika kwathunthu.

Pa 2 Timoteo mpovuta, ndipo sitifuna kubisa kufooka kwa liu limene tasankha. Phuma m'kamwa mwa anthu ambiri ndi lopepuka. Timalinena kwa mwana amene wataya ufa pothamanga, ndipo timalinena tikuseka. Kuliika pakati pa achiŵembu ndi odzitukumula kungamveke ngati kuika wakuba nkhuku pakati pa ambanda. Mwina n'chifukwa chake omasulira akale adafuna liu lolemera. Koma kulemera kwa liuma kudagulidwa ndi mtengo waukulu. Mlaliki woŵerenga ndimeyo adzadzudzula mwana wosamva ndi munthu wokana uphungu, pamene khamu limene lathamangitsa munthu pamsika, litangomva mfuu yoti wakuba, lidzatuluka m'tchalitchi osadziŵa kuti ndimeyo imanena za ilo. Ndiponso liuma, m'nkhani zachipembedzo, nthaŵi zina ndi dzina limene olamula amapatsa munthu wokana kugonja pa choona. Phuma silingasokonezeke chotero.

Njira imene tiona kuti ndi yabwino ndiyo kusunga phuma ndi kulilemeretsa ndi mau ochepa onena za zotsatira: aphuma osalabadira za maŵa, kapena aphuma osaona patali. Kutero kutalikitsa chinthu chimodzi m'mndandanda umene mphamvu yake ili m'kufupika, koma Buku Lopatulika nalonso lidagwiritsa ntchito mau oposa limodzi m'malo angapo a mndandanda womwewo. Kumene womasulira afuna liu limodzi lokha, opupuluma lilemera pang'ono kuposa aphuma, chifukwa kubwereza kwa pu- kumamveka ngati mapazi, ndipo poŵerenga mokweza liyenderana bwino ndi opereka anzawo, popeza onse aŵiri ayamba ndi op- monga prodotai ndi propeteis ayamba ndi pro-.